Magemu onse sali juga: tione chitsanzo cha Dead Cells

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yathu ino kuti ndinenepo maganizo anga pa chizolowezi chimene chakula pakati pa makolo, aphunzitsi ngakhalenso atsogoleri a mipingo, choika magemu onse a pa foni ndi pa kompyuta m'gulu limodzi ndi juga. Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo inenso monga kholo ndili nayo, pakuti tonse taona achinyamata akumwaza ndalama za fizi ndi za mpamba pobetcha pa foni. Koma tikamadzudzula zonse mwachimbulimbuli, ana athu amazindikira msanga kuti tikunena zinthu zimene sitinazionepo, ndipo amaleka kutimvera ngakhale pamene tikuwachenjeza za chinthu choopsadi. Ndasankha kufotokoza gemu imodzi imene ndimaisewera ndiponso kuidziwa bwino, yotchedwa Dead Cells, kuti owerenga aone okha pamene pali kusiyana.

Gemu imeneyi inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya Motion Twin ya mumzinda wa Bordeaux ku France. Inayamba kugulitsidwa isanamalizidwe m'chaka cha 2017, n'cholinga choti osewera azipereka ndemanga pamene ntchito ili m'kati, ndipo inatuluka yathunthu mu Ogasiti 2018. Chaka chomwecho inapambana mphoto ya gemu yabwino koposa ya zomenyana pa mwambo wa The Game Awards, ndipo pofika 2023 inali itagulidwa koposa ka 10 miliyoni. Pa mafoni inafika mochedwerako, pa iPhone mu 2019 ndi pa Android mu 2020. Wosewera amaona munthu wake cham'mbali, akuthamangira kumanja kapena kumanzere, kudumpha, kukwera ndi kutsika, monga momwe ambiri a ife tinaonera pa Super Mario Bros. ya Nintendo ya mu 1985, koma pano liwiro ndi lalikulu ndipo adani ndi osakhululuka. Nkhani yake ikuchitikira pa chilumba chimene chagwidwa ndi mliri, pomwe mfumu inatsekera anthu ake m'ndende poyesa kuthana ndi matendawo, ndipo wosewera ndi kanthu kamoyo kamene kamalowa m'thupi la mkaidi wodulidwa mutu n'kuyamba kufunafuna njira yotulukira.

Chimene chimasiyanitsa gemu imeneyi ndi zambiri zimene tinazolowera ndi mmene imachitira ndi imfa. Munthu wako akafa, subwerera pamalo pamene wafera, koma umayambiranso m'chipinda choyamba cha ndende, zida zonse zimene unatola zitapita, ndipo njira imene unaidziwa ija imakhala itasintha. Lingaliro limeneli ndi lakale, linachokera ku gemu yotchedwa Rogue imene Michael Toy ndi Glenn Wichman anayamba kupanga mu 1980 ali ophunzira ku California, nthawi imene makompyuta ambiri ankaonetsa zilembo zokha popanda zithunzi. Derek Yu ndiye analiphatikiza ndi masewera othamanga ndi kudumpha pamene anatulutsa Spelunky mu 2008, ndipo Rogue Legacy ya mu 2013 inatchukitsa mtundu wofewerapo wotchedwa roguelite, momwe wosewera akafa amatsala ndi kanthu kena komuthandiza pa ulendo wotsatira. Dead Cells ili m'gulu lomalizali.

Kayendedwe kake kali motere. Adani ena akagonja amasiya timipira tabuluu totchedwa maselo, ndipo nthawi zina amasiya chojambula cha chida chatsopano. Zonsezi uyenera kufika nazo wamoyo kumapeto kwa gawo limene ulimo, kumene kuli munthu wotchedwa Collector amene amazilandira n'kukutsegulira zida zatsopano kapena kukuwonjezera kuchuluka kwa mankhwala obwezeretsa moyo a m'botolo limene umayenda nalo. Zimene wapereka kwa iye zimakhala zako mpaka kalekale, koma zimene zili m'manja mwako pamene ukufa zimatayika. Choncho pa mphambano iliyonse pamakhala funso loti uganizire: kodi ndilowe m'chipinda ichi chimene ndikuona kuti muli chuma, moyo wanga utatsala pang'ono chonchi, kapena ndithamangire pa khomo ndikapereke kaye zimene ndanyamula? Palinso zitseko zina zimene zimatseguka pokhapokha wafika msanga, ndi zina zimene zimafuna kuti ugonjetse adani ambiri motsatizana osakhudzidwa ngakhale kamodzi, kotero kuti wothamanga ali ndi mphoto yake ndipo wosamala alinso ndi yake.

Wina anganene kuti umu mulinso mwayi, ndipo sakunama. Sudziwa ngati ulendo uno upeza lupanga lopepuka, uta, chikwapu kapena chishango, ndipo sudziwa kuti chipinda cha wamalonda chikhala mbali iti. Muli ngakhale mabokosi otembereredwa, amene ukawatsegula umalandira zinthu zabwino kwambiri koma umakhala pa temberero loti kukhudzidwa kamodzi kokha ndi imfa, kufikira utagonjetsa adani 10. Komabe mwayi umenewu umangosankha funso limene ufunsidwe, pamene yankho limachokera m'manja ndi m'mutu mwako. Mdani aliyense asanamenye amaonetsa chizindikiro, ndipo ali ndi kamenyedwe kake kosasintha, kotero kuti amene waphunzira nthawi yogubuduka ndi nthawi yotchinga ndi chishango angathe kudutsa ngakhale atapeza zida zosakoma. Ngakhale zipinda zimene zimasinthasinthazo sizingobwera mwachisawawa, chifukwa opanga anajambula chidutswa chilichonse ndi manja, ndipo kompyuta imangozilumikiza m'ndondomeko yatsopano, pamene dongosolo la chilumba chonse, kuchokera ku ndende, kudutsa pa makoma a linga kapena m'ngalande za poizoni mpaka ku nyumba ya mfumu, silisintha.

Mdani wamkulu woyamba amene ambiri amakumana naye ndi Concierge, amene amadikira pa mlatho wotchedwa Black Bridge. Wosewera watsopano amamuona ngati chilombo chosatheka, koma pakapita masiku amayamba kuona kuti moto umene amatumiza pansi ndi wongodumpha, kuti akamadziponya ndi nthawi yogubuduka kudutsa pansi pake, ndiponso kuti akazingidwa ndi kuwala kofiira ndi bwino kutalikira. Tsiku limene wamugonjetsa amadziwa bwino lomwe chimene chasintha, ndipo chasinthacho ndi iye mwini. Zili ngati bawo, imene wogonja amabwezera nkhomo m'maenje mwake n'kuyambiranso wopanda kanthu kowonjezera, koma akudziwa tsopano kuti kutakata kuja n'kumene kunamudyetsa. Pa juga ya pa foni palibe choti munthu aphunzire chimene chingasinthe zotsatira, chifukwa masamu ake anakonzedwa kuti pa nthawi yaitali mwini juga ndiye apindule, ndipo wobetcha wa zaka zambiri alibe luso loposa la amene wayamba lero.

Kusiyana kwachiwiri, kumene kwa ine n'kofunika kwambiri, kuli pa ndalama. Dead Cells imagulidwa kamodzi, imaseweredwa popanda intaneti, ilibe zotsatsa malonda, ndipo sizichitika kuti ukafa ikuuze kuti ulipire kuti udzuke. Zigawo zowonjezera zilipo, monga The Bad Seed cha mu 2020 ndi Return to Castlevania cha mu 2023, koma wogula amadziwiratu chimene akugula ndi mtengo wake. N'zochititsa chidwi kuti a Motion Twin eni ake anayamba ndi magemu aulere a pa intaneti, ndipo Dead Cells poyamba inkakonzedwa ngati imodzi mwa amenewo, asanasinthe maganizo n'kuipanga kukhala yogula kamodzi. Kampaniyi ndi ya mgwirizano wa antchito, imene onse ali ndi gawo lofanana ndi malipiro ofanana, ndipo ine ndimakhulupirira kuti anthu amene sakuthamangitsidwa ndi eni masheya amakhala ndi mpata woganizira wosewera ngati munthu.

Magemu amene makolo ayenera kuwayang'anitsitsa ndi aja olembedwa kuti ndi aulere, amene m'kati mwake amagulitsa mabokosi otseka oti ulipire ndalama zenizeni usanadziwe chimene chili m'katimo. Amenewo ndiwo ali pafupi ndi juga, ndipo bungwe loyang'anira juga la dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi otere a m'magemu ena otchuka akuphwanya malamulo a juga a dzikolo. Pano ndi pamene vuto lathu kuno kwathu likuonekera poyera. Kugula gemu pa misika ya pa intaneti ya Google Play kapena Steam kumafuna khadi la ku banki lotha kulipira ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, pamene kubetcha kumangofuna ndalama za pa foni zimene mwana aliyense angazipeze pa kauntala ya wothandizira pa msika. Zotsatira zake n'zakuti chinthu choona mtima n'chovuta kuchipeza, chowononga n'chapafupi, ndipo kholo limene laletsa zonse pamodzi silinathandize mwana wake kusiyanitsa ziwirizi.

Sindikunena kuti gemu imeneyi ilibe choopsa chilichonse. Ulendo umodzi ungathe m'mphindi zochepa ngati wafa msanga, ndipo kuyambiranso kumangofuna kudina kamodzi, kotero kuti mtima woti ndiyesenso kamodzi kokha umagwira munthu mwamphamvu, makamaka usiku pamene wafera pafupi ndi khomo atanyamula maselo ambiri. Amene wagonjetsa mdani womaliza amapatsidwa mwayi wowonjezera kuvuta kwa gemu, sitepe ndi sitepe mpaka kasanu, ndiye kuti mapeto enieni amakhala kutali ndithu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika vuto la kusewera magemu mosadziletsa m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma tiyenera kumva bwino chimene linanena. Silinanene kuti aliyense wosewera ndi wodwala, koma linatchula munthu amene walephera kudziletsa, amene waika gemu patsogolo pa zinthu zina za moyo, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuwonongera sukulu, ntchito kapena banja, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Mankhwala ake pakhomo ndi kupangana nthawi, ndipo gemu imeneyi imalola zimenezo chifukwa munthu angathe kutuluka pakati pa ulendo n'kudzapitiriza mawa pomwe anasiyira. Muli magazi ndi zithunzi za mitembo, ndipo bungwe la ESRB la ku America, limene limaika misinkhu yoyenera pa magemu, linaiika m'gulu la T, la zaka 13 kupita m'tsogolo, choncho si ya ana a ku pulayimale.

Pali mfundo ina imene osewera eni ake amatsutsana, ndipo ndikufuna kunenapo mbali yanga. Mu 2022 kampani ya Evil Empire, imene inapitiriza kusamalira gemuyi kuchokera mu 2019 mpaka mu 2024, inawonjezera njira zothandizira amene akuvutika, monga kuchepetsa mphamvu za adani ndi za misampha, ndiponso kudzukira pa chiyambi cha gawo m'malo mobwerera ku ndende. Ena anadandaula kuti zimenezi zikuchotsa mtima weniweni wa gemu. Ine ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa munthu wolumala dzanja, kapena wachikulire amene maso ndi zala zake zayamba kuchedwa, alinso ndi ufulu woona nsanja ya wotchi ndi nyumba ya mfumu, ndipo amene akufuna kuvutika kwathunthu palibe amene wamulanda kanthu. Kwa osewera pa foni thandizo lotere n'lofunika kwambiri, poti kudina pa galasi sikufanana ndi kugwira controller, kachipangizo ka mabatani kosewerera magemu, ndipo n'chifukwa chake mtundu wa pa foni uli ndi njira yoti munthu wako azimenya yekha mdani akayandikira, iwe n'kumasamala za kudumpha ndi kuzemba.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mutsegule kadanga, ngakhale kamodzi pa mwezi, kofotokoza m'Chichewa magemu amene achinyamata akusewera. Wolemba azitiuza kuti gemuyo inapangidwa ndi yani, ndi ya anthu a msinkhu wanji, imafuna bandulo kapena ayi, imagulidwa kamodzi kapena imapempha ndalama m'kati, ndiponso ngati muli mabokosi otseka ogula ndi ndalama zenizeni. Olemba otere simuwasowa, pakuti m'masukulu athu a ukachenjede muli anyamata ndi atsikana amene amazidziwa zinthuzi kuposa ife, ndipo ena mwa iwo akuphunzira kale kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Ine wanu wowerenga,
Kholo losewera magemu,
Zomba