Pulagi sagula poyerekeza ndi maso

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi eni mapikiapu kuno ku Mzuzu, makamaka amene amakweza nthochi kuchokera ku Nkhata Bay ndi amene amatsika ndi matabwa ku Chikangawa. Pali chizolowezi chimene chikuwononga mainjini. Munthu amamasula pulagi imodzi yothetheka moto mu injini, kuiika m'thumba, kukafika kushopu ya sipeya n'kunena kuti “ndipatseni ngati iyi, koma yamphamvu.” Wogulitsa amangoyerekeza ndi maso. Chonsecho pulagi yabwino pa galimoto yanu ndi imene nambala yake ikugwirizana ndi injini, kaya ndi yotchipa kaya yodula.

Choyamba, ngati pikiapu yanu ndi ya dizilo, monga Hilux D-4D kapena Isuzu KB ya dizilo, mulibe pulagi yothetheka moto. Muli mahita, ongotenthetsa injini poliza m'mawa. Kalatayi ndi ya eni galimoto za petulo.

Nambala imene yalembedwa pa pulagi imanena zonse. Titenge ya kampani ya NGK yolembedwa BKR5E-11. B akutanthauza kuti mazinga ake ndi a 14 mm, K kuti imamasulidwa ndi sipanala ya 16 mm, R kuti m'kati muli resistor (kachipangizo koletsa kusokoneza magetsi ena), E kuti mazingawo ndi otalika 19 mm, ndipo 11 wakumapetoyo ndi gapu (mpata wa kunsonga pamene moto umathetheka) ya 1.1 mm. Kutalika kwa mazinga musakuseweretse. Injini ya 2TR-FE ya mu Hilux 2.7 imafuna pulagi ya mazinga a 26.5 mm. Mukaikamo ya 19 mm, moto umathetheka uli mobisika m'bowo, galimoto imafooka, ndipo mazinga otsala mu hedi (mutu wa injini) amadzadza mwaye. Mukachita zosemphana, kuika yaitali pofunika yaifupi, nsonga imatulukira m'kati, imatha kugundana ndi pisitoni, kapena mwaye umagwira mazinga otulukirawo moti pomasula imabwera ndi mazinga a hedi.

Nambala yapakati, 5 ija, ndi imene anthu ambiri amaimva molakwika. Siyesa mphamvu ya moto ayi. Imayesa changu chimene pulagi imatayira kutentha kwake mu hedi. Pa NGK ndi Denso, nambala ikamakwera pulagi ndiye yozizira, yotaya kutentha msanga: 5 wa NGK amafanana ndi 16 wa Denso, 6 amafanana ndi 20, 7 amafanana ndi 22. Pa Bosch zimatembenuka, nambala yaikulu ndiye yotentha, choncho 7 wa Bosch si 7 wa NGK. Nsonga ya pulagi imayenera kutentha kufika madigiri pafupifupi 500 kuti izipsereza yokha mwaye. Apa Mzuzu ali ndi vuto lakelake. Galimoto yongozungulira pakati pa Luwinga, Katoto ndi kumsika m'mawa wozizira wa mu June kapena July, ikakhala ndi pulagi yozizira kuposa yoyenera, nsonga sifika kutentha kumeneko, imada, injini n'kuyamba kumisa (kudumphitsa moto). Mwini akatero amathamangira yotentha. Tsiku lomwe akwere Chiweta atalemedwa, ali pa giya yachiwiri mtunda wonse, nsongayo imafiira n'kumayatsa petulo nthawi isanakwane, ndipo pisitoni imatha kubooka. Pulagi yozizira ikupwetekani m'thumba pang'ono, yotentha ikutsitsitsani injini. Khalani pa nambala ya m'buku la galimoto.

Nanga pulagi ya nsonga ya chitsulo cha iridium? Ubwino wake ndi kukhalitsa. Pulagi wamba imasinthidwa pa makilomita 20,000 mpaka 30,000, pamene iridium imene galimoto imabwera nayo kuchokera kufakitale imatha kufika 100,000. Ngati buku likuti iridium, ikani iridium, chifukwa makoyilo ake anapangidwira imeneyo. Koma pa Nissan 1400 kapena Hilux yakale ya 4Y yakabyuleta, makamaka imene yayamba kudya oyilo, ine ndimaona kuti n'kutaya ndalama. Oyilo amaipha msanga chimodzimodzi ndi yotchipa. Resistor yokha musainyalanyaze pa galimoto ya kompyuta: pulagi yopanda R imasokoneza magetsi a kompyutayo ndi wailesi yomwe.

Zachinyengo zilipo, ndipo zambiri zimabwera m'mabokosi olembedwa iridium. Onani zilembo ngati zadindidwa mooneka bwino, washa ngati sakuvuka, mazinga ngati ndi osalala, ndi nsonga ngati ndi yopyapyala ngati singano, chifukwa ya iridium ya NGK ndi 0.6 mm basi. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa mashopu ena, kayikirani, ndipo tengani risiti.

Musanataye zakale, ziyaleni pa benchi motsatana ndi masilinda. Yofiirira kapena yotuwa ngati phulusa, injini ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka: yang'anani fyuluta ya mpweya, imene imatsekeka msanga ndi fumbi la misewu ya kumidzi ya Mzimba ndi Rumphi, kapena choko chokakamira. Yonyowa ndi oyilo kunsonga, ndi maringi kapena masilu a mavalavu. Oyilo akakhala kumtunda, m'dzenje momwe mumalowa koyilo, ndi gasiketi ya kavala ya pamwamba. Yoyera mbee yokhala ndi timatuza, injini ikutentha kapena petulo akuchepa. Kuika zatsopano osakonza zimenezi n'kungobwereranso kushopu mwezi wamawa.

Pomanga, dikirani injini izizire, chifukwa hedi ya aluminiyamu ikakhala yotentha mazinga ake sachedwa kutha. Uzirani mchenga wa m'dzenje musanamasule. Yesani gapu ndi feeler gauge (timalata toyezera mpata), koma ya iridium musaikanule ndi sikuludiraiva, nsonga imathyoka. Yambani kumanga ndi zala, ikalimba pa mazinga awiri oyamba bwezani, yalowa mokhota. Washa akakhudza hedi, onjezani theka la kuzungulira ndi sipanala, osapitirira magawo awiri mwa atatu. Pulagi yakale imene mukuibwezeramo imangofuna kukhotetsa pang'ono, poti washa wake anaphwanyika kale. Girizi pa mazinga a NGK sapaka, amachititsa kuti mumange mopyola osadziwa. Sinthani zonse zinayi tsiku limodzi, ndipo pa injini ya distributor (chogawira moto ku mapulagi) chotsani waya umodziumodzi kuti musasokoneze ndondomeko ya mmene masilinda amayakira, monga 1-3-4-2.

Ngati buku linatayika, monga zimakhalira ndi galimoto zambiri zogula kunja, werengani dzina la injini pa kachitsulo ka pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, mukafunse nalo kushopu kuti akuonereni mu katalogi. Pulagi ya m'thumba ija mwina mwini wakale anaiika molakwika kale.

Makaniko wa galimoto za petulo,
Luwinga, Mzuzu