Mlatho wa ku Bridgetown sanamange ndi Angelezi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mawu pang'ono pa dzina la Bridgetown, likulu la dziko la Barbados, chilumba cha ku Caribbean, chifukwa anthu ambiri akangolimva amangoti aa basi Azungu anamanga buliji n'kutcha tauniyo, pomwe nkhani yake siyinayende choncho ayi.

Angelezi anakhazikika pamalopo mu 1628 motsogozedwa ndi Charles Wolverstone, anzawo ena anali atayamba kale kukhala ku Holetown, pachilumba chomwecho, chaka cha 1627. Eni nthaka sanawapezeko. Akatswiri a mbiri amati ambiri anagwidwa ukapolo ndi Asipanishi m'zaka za m'ma 1500 ena n'kuthawira ku zilumba zina. Koma pa dambo lomwe lero kuli doko lotchedwa Careenage anapezapo kamlatho kakale kosiyidwa ndi anthu amenewo, ndiye malowo anangoyamba kuwatchula kuti Indian Bridge, paja Azungu nthawi imeneyo aliyense yemwe amupeza kumeneko ankangoti ndi Mmwenye kutengera kusokera kwa Columbus yemwe ankaganiza kuti wafika ku India. M'mapepala a boma tauniyo inkalembedwa kuti Saint Michael koma pakamwa pa anthu dzina la mlatho ndi lomwe linakanirira mpaka kusanduka Bridgetown.

Careenage yomweyonso ili ndi nkhani yake, ndi pomwe ankapendeketsa zombo chammbali kuti apale ndere ndi tizigoba tomatirira kunsi kwake. Koma imeneyo tidzakamba tsiku lina.

Chomwe chimandiwawa ine ndi chakuti dzinalo linasunga mlatho n'kutaya omanga. Mawu oti Indian anagwa panjira, ndipo kuyambira m'ma 1640 pomwe nzimbe zinalowa n'kuyamba kubweretsa akapolo ochokera ku Africa miyandamiyanda, tauniyo inadziwika ndi shuga ndi ramu basi, za anthu oyambirira aja zii.

Anthu a ku Barbados sakugona pa zinthu zotere, tiwayamikire. Bwalo lomwe linkatchedwa Trafalgar Square analisintha mu 1999 kukhala National Heroes Square, chipilala cha Horatio Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, chomwe chinaima pamenepo kuyambira 1813 anachizula mu Novembala 2020, kenako pa 30 Novembala 2021 anasiyana ndi Mfumukazi Elizabeth n'kulumbiritsa mayi Sandra Mason kukhala pulezidenti woyamba. Ife kuno tinachitako zathu, Fort Johnston tinati Mangochi, Port Herald tinati Nsanje, ngakhale Blantyre tinamusiya ndi dzina la kwawo kwa Livingstone, ndiye wina atha kufunsa kuti bwanji nawonso osangochotsa Bridgetown poti ndi Chingelezi. Ine ndikuti ayi alisiye, Chingelezi chomwecho, chifukwa likuloza chinthu chomwe eni nthaka anapanga ndi manja awo.

Ngati pali pofunika kukonza ndi pa buliji yomwe yaima pa Careenage lero, imatchedwa Chamberlain Bridge kutengera Joseph Chamberlain, nduna ya ku Britain yomwe inkayang'anira maiko otsamundidwa. Ayambire pamenepo.

Ndine wowerenga wanu,
ku Zomba