Kalata kwa achemwali a ku Chilomoni: za rozi wa mumphika

Leeds, 14 Juni

Achemwali anga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko. Ife kuno tili bwino, kungoti masiku ano dzuwa likumalowa 9 koloko ya usiku itadutsa kale, moti ana kuwauza kuti akagone ndi nkhondo.

Uthenga wanu ndaumva. Mwati alamu anu akamabwera mu Ogasiti ndiwapatsire rozi uja munamuona pachithunzi. Achemwali, pamenepo ndiye ayi. Chomera chamoyo sichilowa m'dziko popanda chilolezo cha boma ndi kalata yotsimikiza kuti chilibe matenda. Ngakhale mapepalawo atapezeka, kuzula rozi ali pakati pochita maluwa n'kumuponya m'sutikesi ndi kumupha basi. Komanso ine sindikuona kuti ameneyu ndi amene angakukomereni pakhonde lanu la ku Chilomoni.

Dzina lake ndi Harlow Carr. Anamutulutsa mu 2004 ndi a David Austin, bambo wa ku Albrighton m'chigawo cha Shropshire, amene moyo wawo wonse anathera pa ntchito imodzi: kukwatitsa marozi akalekale onunkhira kwambiri ndi amakono amene amachita maluwa kangapo pachaka. Woyamba wawo, Constance Spry, anatuluka mu 1961. Eni akewo anamwalira mu 2018 koma ntchito ikupitirira m'manja mwa banja lawo. Dzina la wangayu analitenga ku munda wa maluwa wa RHS, bungwe loona za ulimi wa maluwa kuno, umene uli ku Harrogate, pafupi ndi kuno. Amatalika pafupifupi mita imodzi, amachita nthambi kuyambira pansi penipeni, maluwa ake ndi apinki, aang'ono koma othinana, ndipo fungo lake limakupezani musanawerame n'komwe. Minga ndiye musanene. Zovala zoyanika pafupi amazikola.

Munadabwa kuti marozi amene anthu amagula pa Valentine sanunkhira. Ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo kuno amachokera ku Kenya, m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, ndipo amabwera pandege. Amenewo anawasankha kuti akhale ndi tsinde lalitali, apirire ulendo, akhalitse m'botolo la madzi. Zafungo anazisiya m'mbuyo. Fungo la rozi limachokera m'timasamba ta duwa lenilenilo, ndipo ndi chibadwa cha mtunduwo. Wosanunkhira mungamuthirire manyowa a khola lonse, sadzanunkha. Ndiye mukapita kwa anyamata ogulitsa mbande m'machubu m'mbali mwa msewu, kapena kunazale, musagule chifukwa cha chithunzi kapena mawu a wogulitsa. Gulani amene ali ndi duwa lotseguka, mununkhize nokha, makamaka m'mawa dzuwa litangoyamba kufunda. Masana kukatentha fungo limauluka msanga, mukhoza kumunyoza rozi wabwino.

Mukaona woyera wochita maluwa mbwee, kawirikawiri amakhala Iceberg, wa kampani ya Kordes ya ku Germany, wa mu 1958. Ndi wolimba, ku Johannesburg ali pafupifupi mumpanda uliwonse, koma fungo lake ndi lochepa. Amene ndingakonde mutamupeza ndi Double Delight, wa mu 1977: pakati ndi woyererako, m'mphepete wofiira, ndipo dzuwa likamamuwomba kufiirako kumawonjezeka. Amakonda kotentha, amanunkhira koopsa, ndipo sapitirira kwambiri mita imodzi. Wina ndi Rose de Rescht, wa kalekale, wamfupi, wofiirira mwakuda, amene dzina lake ndi la mzinda wa ku Iran. Koma mayinawa musavutike nawo ngati ogulitsa sakuwadziwa. Funsani zinthu ziwiri: amatalika bwanji, ndipo amachita maluwa kamodzi kapena chaka chonse. Marozi oyanga asiyeni, mumphika sakhutira.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi mphika, chifukwa anthu ambiri amene amati rozi ndi wovuta vuto lawo limakhala pamenepo. Mizu ya rozi imapita pansi. Kuno amalangiza mphika wa masentimita 45 kuya kwake ndi 45 m'lifupi, ndipo ine ndinganene kuti kumeneko poti n'kotentha, mphika wokulirapo kuposa pamenepo ndi wabwino. Ndowa ya malita 20 ingamusunge chaka choyamba chokha. Dulani mgolo wapulasitiki pakati, muboole pansi mabowo angapo olowa chala, muukhazike pa njerwa kuti madzi azituluka komanso chiswe chisapeze njira yachidule. Ngati mgolowo ndi wakuda upakeni penti yoyera kapena muukulunge ndi chiguduli, chifukwa dzuwa la Okutobala likawomba pulasitiki wakuda mizu imapsa m'katimo masamba akuoneka bwinobwino.

Dothi la pabwalo lokha musaike. Katondo mumphika amagwirana, madzi amangodikha pamwamba. Kuno timagula la m'matumba lolembedwa John Innes No. 3 n'kusakaniza ndi kompositi. Inu sakanizani dothi lakuda la pamwamba, manyowa a ng'ombe owolerana bwino, ndi mchenga wa kumtsinje pang'ono. Ndati owolerana, achemwali. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala zitatu wothiramo madzi, kenako phimbirani pamwamba ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza.

Pobzala muyang'ane patsinde. Marozi ambiri ogula ndi omezanitsa ngati mango aja a kunazale: mizu ndi ya rozi wakutchire wolimba, kumtunda ndi kwa wamaluwa okongola. Pamene anakumana pamakhala chotupa. Mukadzaona mphukira yamphamvu yatuluka kunsi kwa chotupacho, masamba ake osiyana ndi enawo, musakondwere kuti rozi wakula. Ifukuleni mpaka pamene yayambira n'kuithothola ndi dzanja. Mukaisiya imalanda chakudya chonse, ndipo pakapita nthawi mumatsala ndi chitsamba cha minga chokhachokha.

Madzi ndiye pamafunika mtima. Rozi wobzalidwa pansi mizu yake imakafuna yokha chinyezi, koma wa mumphika akudalira inu. Pisani chala m'dothi, mukapeza pouma thirirani mpaka madzi atulukire pansi. Kuwaza timadzi pamwamba tsiku lililonse sikuthandiza. Mu Seputembala ndi Okutobala mudzathirira tsiku ndi tsiku, ndiye poti mipopi imauma nthawi yomweyo, muzisunga madzi otsukira ndiwo zamasamba ndi mpunga. A sopo wochapira ayi. Ndipo thirirani patsinde, osati pamasamba. Pali matenda a madontho akuda amene amakonda tsamba lonyowa: tsamba limachita mawanga, limasanduka lachikasu, n'kugwa. Nyengo ya mvula ndi masiku a chiperoni adzabwera ndithu. Tolani masamba ogwawo muwotche, musaponye pa kompositi. Apa mphika uli ndi ubwino wake, chifukwa mvula ikanyanya mumangoukokera pansi pa denga. Nsabwe zobiriwira zimene zimaunjikana kunsonga ndimangozitikita ndi zala, mankhwala sindigula.

Chakudya cha mumphika chimatha msanga poti madzi amachikokolola. Ine ndimathira feteleza wa marozi kumayambiriro a Epulo, kenako maluwa oyamba akatha, ndipo pakatipo wamadzi uja wa tomato, chifukwa ali ndi potashi wothandiza maluwa. Inu musatengeke n'kuthira yureya wotsala kumunda. Adzakupatsani masamba obiriwira bii, maluwa ochepa, nsabwe zambiri. Feteleza wa mbewu zakudimba, kadzanja kochepa, mutathirira kaye, ndi wokwanira. Chaka chilichonse palani dothi la pamwamba muikepo latsopano.

Kudulira nyengo zathu ndi zotembenuka. Ine ndimadulira mu Febuluwale kukuzizira, inu nthawi yanu ndi Julaye. Chotsani nthambi zouma, zoonda ndi zopingasana, zotsalazo muzifupikitse mpaka theka, mukudula pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Zimaoneka ngati nkhanza koma pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu mudzaona. Duwa likafota muzilidula pamwamba pa tsamba lokhwima, kuti mtengo usatangwanike ndi kupanga njere.

Julaye yemweyo ndi mwayi wanu wina. Amene ali ndi marozi ku Sunnyside ndi ku Namiwawa adzakhala akudulira n'kutaya nthambi. Ngati mukudziwa pakhomo pamene pali wonunkhira, pemphani timitengo tonenepa ngati pensulo, totalika masentimita 20. Chotsani masamba a m'munsi, muzike kuposa theka mumchenga wonyowa pamthunzi. Zikani tambiri chifukwa sitigwira tonse, ndipo totulukapo sitidzakhala ndi vuto la mphukira zakutchire lija.

Mundiuze khonde lanu layang'ana kuti. Rozi amafuna dzuwa maola osachepera anayi, koma kumeneko labwino ndi la m'mawa, ndiye ngati khondelo layang'ana kumadzulo tiganizire pena, mwina kuseri pafupi ndi khitchini. Alamu anu ndiwapatsira chodulira chabwino ndi magolovesi achikopa, zimenezo zimadutsa pabwalo la ndege popanda mafunso bola zikhale m'chikwama chachikulu.

Mundiperekere moni kwa abambo a kunyumba, ana, ndi amayi onse a kumvano.

Ndine mnzanu wa ku Leeds