Mpikisano wa Road Rash II Loweruka lino

Osewera nonse a m'gulu lathu,

Loweruka lino tili ndi mpikisano wa Road Rash II, gemu ya 1992 ija yothamangitsa njinga zamoto uku mukukuthana ndi zibonga ndi matcheni. Tiyamba 2 koloko masana pamalo pathu pa nthawi zonse. Tidzasewera awiriawiri pa Sega Mega Drive, sikirini yogawa pakati, ndipo wogonja azituluka. Amene wagwidwa ndi wapolisi wa m'gemumo wagonja basi, palibe kubwereza.

Aliyense abwere ndi:
- K2,000 ya mafuta a jenereta ndi mphoto
- kontrola, ngati ali nayo. Tili ndi ziwiri zokha, ndipo ina batani lake lomenyera likuvuta.

Yankhani pano pofika Lachinayi madzulo kuti tikonze ndandanda. Wosayankha sadzalembedwa.