Usazule chitseko, mwana wanga

Dwangwa, Nkhotakota

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kungoti bondo lija layamba kundiuza kuti mvula ili pafupi. Ndalama unatumiza pa Mpamba zija ndinalandira, Mulungu abwezere pamene wachotsapo. Apongozi anga ndi adzukulu anga uwapatse moni, uwauze kuti usipa ndaumanga kale m'katoni, ukungodikira munthu wobwera ku Lilongwe.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni iwe umalankhula ngati basi ikukusiya, ine n'kuiwala zimene ndimati ndinene. Mlongo wako ndiye aijambule kalatayi n'kukutumizira pa WhatsApp. Nkhani yake ndi ija unaitchula mongodutsa Lamulungu lapitali, ya banja limene likukhala m'nyumba yako ya lendi ku Area 25. Unati atha miyezi inayi osalipira, bambo wa m'nyumbamo anathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza, mayi akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ana alipo atatu. Kenaka unaseka, n'kunena kuti mnzako wakulangiza kuti ungozula chitseko ndi mawindo, anthuwo atuluka okha. Ine sindinaseke nawo. Usiku umenewo sindinaone tulo.

Za 2002 sukumbukira bwino, unali Sitandade 2. Ndi chaka chija cha njala, mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka. Bambo ako anali ku Kasungu, pa utenanti ku esiteti ya fodya, ndalama zawo zodikira kuti fodya akagulitsidwe ku okushoni. Ife kuno tinkadya gaga, tsiku lina chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, mutu waukulu ngati waledzera. Nyumba yathu inali ya zidina zosawotcha, ndipo chaka chimenecho denga silinafoleredwe poti panalibe mwamuna wokwera pamwamba. Madzi ankatsika m'khoma pang'onopang'ono, mpaka usiku wina khoma la kuchipinda linangokhala pansi. Ndinatuluka mlongo wako ali kumsana, iwe ndikukukoka dzanja, mphasa ndi ufa wotsala zonse zili pansi pa dothi.

Kutchalitchi anatipempherera, ndipo sindiwadandaula, aliyense anali ndi maliro ake chaka chimenecho. Achibale nawo anali atadzazana kale m'nyumba zawo. Amene anatitenga ndi bambo wachisilamu uja wa ukonde wa chilimira, wa kofiya yoyera, amene unkamuthawa chifukwa cha ndevu. M'mawa mwake anatulutsa maukonde ndi nyale zake zophera usipa m'kanyumba kosungiramo katundu, mkazi wake anazira pansi, n'kutiuza kuti lowani. Tinakhalamo miyezi isanu. Sanatchulepo tambala. Lamulo lake linali limodzi lokha, loti tisaphike nkhumba pabwalo pake, ngati kuti ife tinali ndi ndalama ya nyama! Lamulungu mkazi wake ankandibwereka chitenje choti ndipite nacho kutchalitchi, chifukwa changa chinali chitang'ambika kumbuyo. Fanizo la Msamariya lija ndinali nditalimva kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinalimvetsa ndikugona m'kanyumba konunkha nsomba.

Kanyumbako kanali ndi chitseko, mwana wanga. Cha mabango, chomanga ndi luzi, koma usiku ndinkachitseka n'kudziwa kuti ana anga ali mkati. Munthu amene sanagonepo panja ndi ana sadziwa kuti chitseko ndi chiyani. Mayi wa ku Area 25 uja ukamuzulira chitseko, sikuti wamukumbutsa ngongole, amaidziwa kale kuposa iwe. Wangouza mudzi wonse kuti banja limeneli aliyense akhoza kuliona likuvula, mbava ikhoza kulowa, ndipo ngati pali mtsikana m'nyumbamo, amuna oledzera a usiku adziwe.

Ndikukumbutsenso za kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira. Iwe unaona zithunzi pa Facebook, ife tinaona ndi maso. Msewu wa M5 unaduka, anthu anachita kupulumutsidwa pa maboti, masukulu anasanduka misasa. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za m'mphepete, pamene kwina chimanga chinali kupsa ndi dzuwa, mpaka mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28. Nyumba imene unandimangira, ya njerwa zowotcha ndi simenti, pamtunda, sinagwedezeke n'komwe. Tsiku limenelo ndinakudalitsa ndi misozi. Ndiye unandiyimbira kuti amayi musalandire anthu, akuvutitsani. Ndinayankha kuti chabwino, koma pamene tinkalankhulapo m'chipinda chako munali kale anthu asanu ndi mmodzi.

Sindikunamiza, anandivutitsadi. Chimbudzi chinadzaza msanga. Nkhuni zimene ndinkati zifika Juni zinatha mu Epulo. Mnyamata wawo wamkulu anagulitsa tochi yanga, n'kumandithandiza kuifunafuna. Masiku ena ndinkapita kumunda osati kukalima koma kukapuma phokoso. Amati mlendo ndi mame, koma mame a masiku ano amafika mpaka masana. Komabe ndinali nditapita kumsasa ndi amayi a Chigwirizano kukasiya ufa ndi zovala, ndinaona mmene kunalili. Amayi kalasi yawo, abambo kalasi yawo, banja logawikana, mwana akutsekula m'mimba pakati pa anthu, asungwana osinkhuka alibe pobisala posamba. A Red Cross ndi a boma anabweretsa matenti, ndowa ndi chakudya, anachita mbali yawo, koma sukulu imayenera kutsegulidwa, ndipo msasa ukatsekedwa munthu amabwerera pamalo pomwe madzi anamuthamangitsa. Anthu a m'tauni mumafunsa kuti bwanji osasamukira kumtunda. Kumtunda malo ali ndi eni ake, ndipo masiku ano ngogula. Dimba la mpunga lili kudambo, bwato lili kunyanja. Munthu asamuke akadye chiyani?

M'miyezi itatu imeneyo ndinaphunzira kuti chifundo chopanda dongosolo chimatha ndi udani. Sabata yachitatu ndinawakhazika pansi. Ndinati khitchini yanu ndi iyi, mafuwa anu ndi awa, madzi tizitunga mosinthana, ndipo mvula ikatha tiumba zidina limodzi. Kuyambira pamenepo tinayamba kupatsana moni wa mtima. Pano ali m'nyumba yawo, ndipo chinangwa changa chaka chino andipalira ndi iwowo ndisanawapemphe.

Tsono ndikudziwa zimene uyankhe. Unena kuti nyumba ya lendi si tchalitchi, kuti unamanga ndi ngongole ya kubanki imene sikudikira mwendo wa munthu kuti upole, kuti kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 malata ndi simenti sizigwirika, kuti nawe uli ndi fizi ya ana. Zonsezo n'zoona, ndipo sindikuti ukhale chitsiru. Alipo alendi ena amene ndalama ali nazo koma amathera kumowa, amenewo ndi nkhani ina. Koma uyu unanena wekha kuti zaka ziwiri ankalipira mwezi usanathe. Sanasinthe mtima, wathyoka mwendo.

Pali chinanso chimene ndinamva kwa apongozi anga, iwo ankanena mokunyadira, usawakalipire. Akuti pa pepa Sande unalonjeza matumba makumi asanu a simenti omangira tchalitchi chatsopano, dzina lako linawerengedwa kutsogolo, amayi analuluta. Ndinakondwa, nyumba ya Mulungu imangidwe ndithu. Koma ndawerengera pa zala, ndipo ngongole ya banja lija siifika ngakhale theka la simentiyo. Ndiye ndikufunse, popeza ndine mayi ako ndipo wina sangakufunse: chavuta ndi ndalama, kapena n'chakuti kukhululukira lendi kulibe nthungululu? Ukawerenge Yesaya 58, pamene anthu ankadandaula kuti tikusala kudya koma Mulungu sakutiona. Yankho lake likunena za kugawana chakudya ndi anjala, ndi kulowetsa m'nyumba mwako osauka osowa pokhala. Ndiponso m'buku la Eksodo, chaputala 22, muli lamulo loti ukatenga chofunda cha mnzako ngati chikole, umubwezere dzuwa lisanalowe, chifukwa alibe china chofunda usiku. Taona, Mulungu sanakane kuti ngongoleyo ilipo. Anangoti pali zinthu zina zimene wokongoza sagwira. Ine ndikuti chitseko ndi denga zili m'gulu limenelo.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mayi wa ku Sunemu, pa 2 Mafumu 4, amene anamangira Elisa kachipinda n'kuikamo kama, tebulo, mpando ndi nyale. Sanachite zodabwitsa, anangoganiza bwino zimene munthu amafuna kuti agone ngati munthu. Ndipo asanamange anayamba wakambirana ndi mwamuna wake. Iwenso uyambe wakhala pansi ndi apongozi anga. Ndalama ya lendiyo ikasowa, amene aziona mphika ukuchepa ndi iwo, ndiye usawachititse chifundo chimene sanavomere. Ndikawaona mtima wawo, sindikukhulupirira kuti akana.

Mukagwirizana, mupite nonse awiri. Usatume mnyamata wotolera lendi uja, ndipo usaime pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja. Ulowe, ukhale pansi, uone mwendowo, ufunse kuti kuchipatala akuti ayenda liti. Ukatero udziwa wekha chochita, koma maganizo anga ndi awa. Miyezi iwiri uikhululuke, unene momveka kuti yafafanizidwa, asamagone nayo pamtima. Iwiri inayo azibweza pang'onopang'ono akayambanso ntchito, chifukwa munthu wamkulu ukamukhululukira zonse nthawi zina umamulanda ulemu, amayamba kukuzemba pamsewu. Kuyambira pano mpaka mvula itatha mu Epulo azilipira zimene tomato angakwanitse, ngakhale theka. Zonsezi mulembe papepala, pakhale mboni, mfumu ya m'deralo kapena mkulu wa mpingo, aliyense asunge pepala lake. Pepala si kusakhulupirirana, limateteza chibale pamene mitima yatentha.

Zikadzakanika ndithu, Epulo n'kufika zinthu zili chimodzimodzi, sindidzakuweruza ukawauza kuti apeze nyumba yotsika mtengo. Koma uwauze nthawi ilipo, kunja kutauma, ana atatsekera sukulu. Uwalipirire galimoto yonyamula katundu ndi mwezi woyamba kumene akupitako. Mapoto, matiresi ndi mbaula usagwire ngati chikole. Ukagulitsa upeza zingati, ndipo iwo aziphikira chiyani? Usatengenso mwana wawo kuti azikugwirira ntchito m'nyumba pobweza ngongole. Ndaona mabanja achikhristu akuchita zimenezo n'kumati tikumuthandiza, mwana n'kusiya sukulu.

Ndipo ukachita zonsezi, pakamwa utseke. Usakaperekere umboni kutchalitchi, usawajambule. Masiku ano munthu akapereka thumba limodzi la ufa, zithunzi khumi, wolandirayo ataimitsidwa padzuwa ngati mbuzi ya pamsika. Kumsasa kuja ndinaona mayi wina akubisa nkhope ndi chitenje pamene ankamujambula, koma ufawo ankaufuna, ndiye anaima. Ambuye anati dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita. Bambo wa chilimira uja anamwalira osauzapo munthu kuti anatisunga. Amene ndimalengeza ndine, ndipo pamaliro pake ndinakhala pamodzi ndi amayi achisilamu masiku onse.

Kuti usanene kuti amayi akupatsa ndi thumba la mwini, nanenso ndiikepo yanga. Ndalama imene umanditumizira mwezi ndi mwezi uidule pakati mpaka Epulo, inayo iziphimba lendi ya anthuwo. Usatsutse. Chinangwa chili m'munda, mpunga ulipo matumba awiri, mango ayamba kupsa, nkhuku zikuikira. Kondowole sanaphepo munthu wa ku Nkhotakota. Mankhwala a bondo okha ndiwo usaiwale.

Pafoni paja unandiuza miyezi ya ngongole ndi ndalama zake mpaka kwacha yomaliza, koma sunanditchulire dzina la mwana ngakhale mmodzi, ndipo ndikuganiza kuti suwadziwa. Ukapitako ukafunse. Ufunsenso ngati wamkuluyo ali Sitandade 8, chifukwa ngati akulemba mayeso chaka chamawa, kusamuka pakati pa teremu kumuwonongera zonse.

Katoni ya usipa ija ndaimasula n'kuigawa pawiri. Phukusi lomanga ndi chingwe chofiira ndi la kwanu, la chingwe cha buluu ukasiye ku Area 25, unene kuti lachokera kwa agogo a kunyanja. Ukabwerako undiyimbire madzulo, nthawi imene netiweki imagwira bwino pansi pa mtengo wa mango, ndipo ulankhule pang'onopang'ono.

Ndine mayi ako.