Kalata kwa Mfumu ya Mzinda wa Lilongwe: pa Nsungwi tisayambe ndi maloboti

Olemekezeka a Meya,

Ndine mmodzi mwa anthu okhala ku Area 25, ndipo ndikulemba za kawolokedwe ka msewu pa Nsungwi. Kuno mukafunsa munthu chimene khonsolo iyenera kuchita pamalowa, yankho silichedwa: atiikire maloboti. Ena, poganizira kuti thumba la khonsolo ndi loperewera, amati bola angotijambulira mizere ya zebra. Pempho langa ndi loti musathamangire chilichonse mwa ziwirizi, ngakhale ndikudziwa kuti maloboti ndi amene angakuomberetseni m'manja tsiku lowatsegulira.

Malowa mukuwadziwa. Pali msika, pali siteji ya maminibasi, pali akabaza a njinga zopalasa ndi zamoto. Kusanache bwino pamadutsa anthu opita kuntchito ku Kanengo, kenako ana asukulu, ndipo madzulo onsewa amabwerera nthawi imodzi ndi amayi ochokera kogula ndiwo. Ambiri mwa anthuwa ali pansi, alibe chitsulo chowatchinga. Chimene chimasankha ngati munthu wogundidwa apita kunyumba ndi bandeji kapena abale ake akamutenga kumochale ndi liwiro la galimoto imene yamugunda.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likunena kwa zaka zambiri kuti mwa anthu 10 ogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola, pafupifupi 9 amapulumuka, koma liwiro likafika 45 opulumuka sakwana ndi theka lomwe. Kusiyana kwa 30 ndi 45 dalaivala sakumva n'komwe, phazi limangotsika pang'ono. Galimoto yoyenda 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo ndi imene dalaivala amatha asanaponde buleki, akungozindikira kumene kuti kutsogolo kuli mwana. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za mayiko ku Stockholm mu 2020 unagwirizana kuti pamalo pamene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto, liwiro lisamapitirire 30. Chilichonse chimene muike pa Nsungwi chiyesedwe ndi muyeso umenewu: kodi chitsitsa liwiro, usana ndi usiku, wapolisi alipo kapena palibe?

Maloboti sachita zimenezo. Ntchito yawo ndi kugawa nthawi pakati pa magalimoto, ndipo pamene misewu iwiri yodzaza ikumana, ntchitoyo amaigwira bwino. Koma aliyense amene anakwerapo minibasi amadziwa chimene dalaivala amachita akaona patali kuti loboti yatsegula: amawonjezera moto kuti aipeze isanatseke. Akaona yachikasu ndiye amapondadi. Choncho pamphambano pomwepo, pamene anthu achuluka, m'pamene galimoto imadutsa mothamanga kwambiri. Anjinga zamoto ambiri saima n'komwe, amangozembera m'mbali. Usiku msewu ukapepuka, amagalimoto enanso amaiona yofiira ngati yokongoletsa.

Palinso nkhani ya masekondi. Akatswiri okonza maloboti nthawi zambiri amawerengera kuti munthu amayenda pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20 pa sekondi. Tsiku lina msewuwu ukadzakulitsidwa kukhala wa mizere inayi, mamita 14 m'lifupi, munthu woteroyo adzapatsidwa masekondi 12. Agogo oyenda ndi ndodo, kapena mayi wobereka mwana kumbuyo, dengu lili pamutu, wina wamugwira pamkono, angafune masekondi 17 kapena 18. Loboti idzawasinthira ali pakati pa msewu. Ndipo ngati woyenda pansi adikiritsidwa nthawi yaitali kuti magalimoto ayende bwino, sadikira. Amathamanga akaona mpata, ndipo akagundidwa timati analakwa yekha. Kuwonjezera apo, pa maloboti ambiri galimoto yokhota imaloledwa kuyenda nthawi imodzimodzi ndi munthu amene akuwoloka msewu umene ikukhoteramo. Onse awiri amakhala kuti auzidwa kuti pitani.

Za magetsi sindichulutsa mawu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga pa Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere. Tonse tikukumbukira mmene mphambano za mutauni zinkakhalira maloboti atathima. Mudzati tiika a sola. Chabwino, koma mabatire amatha mphamvu, mapanelo amakopa akuba, ndipo kachipangizo kakapsa m'bokosi muja kamafuna ndalama zakunja, zomwe ngakhale ogula mafuta ndi mankhwala akuzisowa. Loboti yakufa ndi yoopsa kuposa pamalo popanda loboti, chifukwa aliyense amayesa kuti mpata ndi wake. Wapolisi akabwera kudzathandiza, maso ake amakhala pa mzere wa magalimoto, ndipo dzuwa likalowa amaweruka.

Tsono musamve ngati ndikuti tengani ndowa ya penti. Mizere yokhayokha ndi imene ndimaiopa kwambiri, chifukwa imalonjeza chinthu chimene singathe kupereka. Mwana waphunzitsidwa kusukulu kuti pa zebra galimoto imaima, ndipo amakhulupirira. Boma la America linachititsa kafukufuku wamkulu pa nkhani yomweyi, amene lipoti lake linatuluka mu 2005. Anayerekeza malo owolokera 1,000 okhala ndi mizere ndi ena 1,000 opanda mizere, m'mizinda 30, onse opanda maloboti. Pa misewu imene magalimoto amayenda m'mizere iwiri, penti yokha sinasinthe kanthu pa chiwerengero cha ogundidwa. Pa misewu yotakata yodutsa magalimoto oposa 12,000 patsiku, ogundidwa anachuluka pamene panali penti kuposa pamene panalibe. Chimene chinachepetsa ngozi ndi kachilumba kokwera pakati pa msewu, pomwe munthu amaima n'kupuma asanamalize theka linalo.

Chifukwa chimene penti yokha imalepherera n'chosavuta kuchimva, ndipo pa siteji iliyonse mumzinda muno chimaoneka. Minibasi yaima m'mphepete kutsitsa anthu. Mwana akuwoloka kutsogolo kwake. Iye sakuona galimoto imene ikubwera kudzapitirira minibasiyo, dalaivala wa galimotoyo sakumuonanso, ndipo amakumana onse atatulukira. Dalaivala wa minibasi mwina anamukodola n'kumukodola kuti dutsa. Penti ilibe chonena pamenepo.

Chimene ndikupempha ndi malo owolokera okwera. Msewu ukwezedwe masentimita pafupifupi 10 pamalo owolokerawo, pamwamba pake pakhale pafulati potakata, mizere ijambulidwe pamwambapo, ndipo pokwerera ndi potsikira pakhale potsetsereka bwino kuti woyenda 30 adutse osagunda pansi, koma woyenda 60 amve m'msana. Chitunda chotere sichithima, sichiweruka, ndipo wanjinga yamoto amachilemekeza mofanana ndi wa lole. Pakati pa msewu pakhale kachilumba kotakata mamita awiri, koti mayi ndi ana ake kapena munthu wokankha njinga akwanepo. Ngodya za mphambano zifinyidwe ndi konkire kuti wokhota azichita kuchepetsa liwiro. Pamwamba pa malo owolokerawo pakhale nyale yowala, chifukwa ogwira ntchito ku Kanengo ambiri amadutsa kuli mdima. Nyaleyo ikafa, chitunda chija chimakhala chikugwirabe ntchito.

Chovuta kwambiri, ndipo chosafuna simenti yambiri, ndi siteji. Maminibasi aziima atapitirira malo owolokera, osati asanafike, kuti wotsika aziwolokera kumbuyo kwa minibasi kumene akuoneka. Izi sizitheka ndi chikwangwani. Zimafuna kukhala pansi ndi madalaivala, makondakitala, oitanira ndi atsogoleri a akabaza, n'kuwakonzera pokhotera penipeni. Chimodzimodzi ogulitsa malonda amene mabenchi awo afika m'mphepete mwa phula: akawathamangitsa osawapatsa malo, mawa lake abwerera, ndipo sindingawadzudzule, pakuti kasitomala ali pomwepo. Koma mpata woti dalaivala aone munthu amene akufuna kuwoloka uyenera kutsala, ndipo oyenda pansi apatsidwe njira yawo m'mbali kuti asamayende pa phula. Malo owolokerawo aikidwe pamene anthu akuwolokera kale. Mukawasunthira mamita 100 kutali chifukwa papepala m'pamene paoneka bwino, palibe adzapite kumeneko atasenza thumba la ufa.

Zimenezi zinayesedwa kwa anansi athu. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linakonza malo ozungulira sukulu zapulayimale ndi zinthu zomwezi, mahampu, njira za oyenda pansi, malo owolokera ndi zikwangwani, pamodzi ndi kuphunzitsa ana. Atayerekeza ndi sukulu zimene sizinakonzedwe, anapeza kuti ana ovulala pamsewu anachepa ndi 26 pa 100 alionse. Misewu ya kumeneko ili ndi maminibasi ndi njinga zamoto ngati yathu yomweyi.

Walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndiwatchule ndekha. Ambulansi yochokera pachipatala cha Area 25 kupita ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, itanyamula mayi amene uchembere wamuvuta, idzachedwa masekondi angapo pa chitunda chilichonse, n'chifukwa chake chiyenera kukhala chafulati pamwamba ndipo zisachuluke. Mahampu osongoka aja, amene anthu amawumba okha ndi dothi mwana akagundidwa m'dera, amathyola magalimoto ndipo usiku amagwetsa anjinga. Amawumbidwa chifukwa cha mkwiyo, popanda injiniya. Chitunda chimatchinganso madzi, kotero ngalande ziyenera kukonzedwa limodzi, apo ayi Januwale akafika padzakhala dziwe ndipo phula lidzafumbuka. Penti yake iyenera kubwerezedwa, chifukwa fumbi ndi matayala zimaifuta msanga. Amagalimoto adzadandaula, ndipo iwo ndi amene mawu awo amafika msanga kumaofesi, poti ambiri okhala m'maofesimo amabwera pagalimoto. Koma zambiri mwa zimenezi sizifuna ndalama zakunja. Simenti, miyala ndi amisiri tili nazo konkuno.

Sindikuti maloboti asadzabwere mpaka kalekale. Area 25, Area 49 ndi madera ozungulira akukula, ndipo tsiku lidzafika pamene wotuluka mumsewu waung'ono adzalephereratu kulowa mumsewu waukulu. Pamenepo loboti, kapena raundabauti yaing'ono ngati malo alola, idzakhala ndi ntchito. Ikadzabwera idzapeze chitunda ndi kachilumba zili kale, idzakhale ndi nthawi ya oyenda pansi okha pamene magalimoto onse aima, ndipo bajeti yake idzatchule amene aziikonza ikafa. Kuyamba ndi loboti kenako n'kumati zotsalazo tidzaona, ndiye kumene ndikukana, chifukwa ndalama zikathera pa loboti zotsalazo sizibwera.

Ndikudziwa kuti misewu ina mumzinda muno ili m'manja mwa Roads Authority, ina m'manja mwa khonsolo, ndipo ndalama zambiri zokonzera zimachokera ku Roads Fund Administration, ku msonkho umene timalipira pa lita iliyonse ya mafuta, ngakhale ife okwera minibasi kudzera m'mtengo wa ulendo. Kugawana kumeneko ndi kwa inu akuluakulu. Ife amene tinasankha makhansala, khomo limene timalidziwa ndi lanu, ndipo ngati pafunika kugogoda kwina, inu ndi amene mungamveke.

Musanagule kanthu, tumizani mainjiniya anu adzaime pa Nsungwi kwa sabata yathunthu, sukulu zili zotsegula, kuyambira m'bandakucha mpaka ana atalowa m'kalasi, ndiponso madzulo mpaka kutada. Awerenge anthu owoloka, osati magalimoto okha. Alembe pamene akuwolokera, ayeze liwiro, makamaka la usiku, ndipo apemphe apolisi a ku Kanengo kaundula wa ngozi za pamalowa kuti aone nthawi imene zimachitika ndi amene amagundidwa. Zimene apezezo mubwere nazo kuno kudzera kwa khansala wathu, pamsonkhano umene aphunzitsi aakulu, komiti ya msika, amaminibasi ndi akabaza adzaitanidwe, ndipo uchitike Loweruka masana kuti ogwira ntchito adzakhalepo.

Ine wanu,
Wokhala ku Area 25, Lilongwe