Zithunzi za pafoni zimene makompyuta ena amakana kutsegula

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga amene tikukhala kuno ku Johannesburg, komanso a kumudzi amene timatumizirana nawo zikalata pafoni, pa nkhani yooneka yaing'ono koma imene inatsala pang'ono kumuphonyetsa mwayi wa ntchito mlongo wanga.

Mwezi wathawu mlongo wangayo, yemwe amakhala ku Rosettenville, ankafunsira ntchito pa intaneti ndipo anauzidwa kuti atumize chithunzi cha pasipoti ndi cha setifiketi yake ya MSCE. Anayala zikalatazo patebulo pafupi ndi zenera, nazijambula bwinobwino ndi iPhone yake, koma tsamba lofunsira ntchitolo linazikana katatu konse. Tinapita kumalo ena opulintira ku Yeoville, ndipo mnyamata wa pamenepo atayesa kuzitsegula pakompyuta, sipanaoneke chithunzi, panangooneka dzina la fayilo lothera ndi zilembo zakuti HEIC. Iye anati zithunzizo zawonongeka, ndipo mlongo wanga anabwerera kunyumba misozi ili m'maso.

Zithunzizo zinali bwinobwino. Kuyambira mu 2017, pamene Apple inatulutsa iOS 11, pulogalamu yoyendetsa iPhone, mafoni a iPhone 7 ndi atsopano kuposa amenewa amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, chifukwa chithunzi chotere chimadya malo pafupifupi theka la amene mtundu wakale wa zithunzi wotchedwa JPEG umadya, osataya kukongola kwake. Zimenezi n'zothandiza kwa ife amene mafoni athu amadzaza ndi zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe. Koma JPEG inakhazikitsidwa mu 1992, ndipo palibe makina opulintira, tsamba kapena foni yakale imene siidziwa, pamene kompyuta ya Windows kawirikawiri imafuna kuti muikemo kaye kapulogalamu kowonjezera kuti iwerenge HEIC. Ambiri sitizindikira vutoli chifukwa WhatsApp imasandutsa yokha chithunzi kukhala JPEG, koma imachifinya, moti zilembo zing'onozing'ono za pa setifiketi nthawi zina siziwerengeka. Mukachitumiza ngati Document kuti chisafinyike, chimafika mu mtundu wake womwe uja, ndipo wolandirayo amasowa nacho chochita.

Njira yake ndi yaifupi. Pa iPhone tsegulani Settings, kenako Camera, kenako Formats, musankhe Most Compatible. Kuchokera pamenepo foni izijambula JPEG. Izi sizisintha zithunzi zimene munajambula kale. Kwa zimenezo, sungani chithunzicho mu pulogalamu ya Files, chidinikizeni kwa kanthawi, musankhe Quick Actions ndi Convert Image, ngati foni yanu ili ndi iOS ya posachedwapa. Ifeyo tinatsata njira imeneyi ndipo tsambalo linalandira zikalatazo usiku womwewo. Amene ali ndi Samsung yatsopanoko ayang'ane m'makonzedwe a kamera ngati HEIF, yomwe ndi mtundu womwewo wa HEIC, yayatsidwa, aizimitse asanajambule chikalata. Ndionjezere kuti kufufuta zilembo za HEIC pa dzina la fayilo n'kulembapo JPG sikusintha kanthu, chifukwa m'kati mwake fayiloyo imakhala momwe inalili.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi malangizo amene ndikuwamva m'magulu athu a WhatsApp, akuti munthu angoponya chithunzi pa tsamba lililonse laulere losinthira zithunzi. Chithunzi cha mwana akusewera pabwalo mungatero, ngakhale kuti nachonso chikhoza kukhala ndi chizindikiro cha malo amene munachijambulira. Koma pasipoti ili ndi nkhope yanu, tsiku lobadwa ndi nambala yake, ndipo mukaitumiza kwa eni tsamba amene simukuwadziwa, simungathenso kuibweza. Kwa munthu wokhala m'dziko la eni, amene moyo wake wonse watsamira pa mapepala, kutero ndi kuika khosi pampeni pa chinthu chimene foni yake yomweyo ikanachichita popanda ngakhale kudya bandulo.

Ndikupempha abale athu amene ali ndi malo opulintira ku Hillbrow, Yeoville ndi pafupi ndi Park Station, komanso a ku Limbe ndi Lilongwe, kuti aike m'makompyuta mwawo mapulogalamu a HEIF Image Extensions ndi HEVC Video Extensions ochokera ku Microsoft Store, ndipo kasitomala akabwera ndi fayilo ya HEIC azimuonetsa posinthira pafoni pake m'malo momubweza.

Ndine wowerenga wanu,
Yeoville, Johannesburg